Kodi amene ankakweza mtengo wa gitala ija anali wogula weniweni?

Mwa makalata amene ndalandira pa imelo mwezi uno muli ina yochokera kwa m'bale wina wa ku Chibavi, woimba gitala m'bandi ya pampingo pawo. Ndaona kuti yankho lake lisathere kwa iye yekha, ndipo wandilola kuiika pano popanda dzina. Ndaidula pang'ono, koma mfundo zake ndi izi:

"Achimwene, ndakhala ndikusunga ndalama kuti ndipeze gitala yamagetsi yakale ya ku Japan. Ndinaona Ibanez Roadstar II ya 1984 pa okushoni ya pa intaneti ya eBay, wogulitsa ali ku England. Mlongo wanga amakhala ku Manchester, ndiye tinagwirizana kuti alipire iyeyo, ine ndipereke makwacha kwa mayi kunoko. Tsiku lachiwiri la okushoni ndinaika mapaundi 550 ngati malire anga. Wina anapikisana nane n'kusiyira pa 300, ndipo mtengo unaima pa 310 masiku angapo. Usiku womaliza kunatulukira munthu wa feedback 3 yokha, n'kuyamba kuwonjezera 10, 10, 10, mpaka anandipitirira pa 560. Kutacha ndinapeza uthenga woti wopambana uja wakana kulipira, ndiye nditha kuitenga pa 550. Kodi pamenepa ndaseweredwa? Ndiitenge? Nanga n'chifukwa chiyani magitala akale akukwera chonchi? Funso lina, amalume ali ndi gitala imene agogo anabwera nayo kuchokera ku Joni. Anzanga akuti ingagulidwe mamiliyoni. N'zoona?"

Achimwene, ndiyambe ndi chimene chikufunika changu, paja mauthenga oterewa amakhala ndi nthawi yake yothera. Musaitenge pa 550. Kaya munthu wa usiku uja anali mnzake wa wogulitsa kaya ayi, 550 si mtengo umene msika unaika pa gitala imeneyi. Ndi malire anu achinsinsi amene tsopano ali poyera.

Kuti izi zimveke tione kaye mmene okushoni ya eBay imayendera, chifukwa ambiri amabida, ndiko kuti kuika mitengo yawo, osadziwa. Mukalemba 550 sikuti mwavomera kulipira 550 nthawi yomweyo. Mwauza kompyuta kuti ikuimireni: wina akaika mtengo, iyo iziwonjezera m'malo mwanu kandalama kongokwanira kuti mukhalebe patsogolo, mpaka pamene munailamula kuti ilekere. N'chifukwa chake munthu woyamba uja atasiyira pa 300, inu munaima pa 310, ndalama zotsalazo zili zobisika. Tanthauzo lake n'lakuti pa okushoni yamtunduwu, mtengo womaliza sauika wopambana ayi. Amauika ndi munthu wachiwiri, amene anagonja pomalizira. Tsono wogulitsa wosakhulupirika safunika n'komwe kukunamizani za gitalayo. Chimene akufunika n'kupanga munthu wachiwiri wabodza: akaunti ina ya iye mwini, ya mkazi wake, kapena ya mnzake wa kuntchito. Mchitidwe umenewu dzina lake ndi shill bidding, ndipo malamulo a eBay amauletsa ngakhale wobidayo atakhala wachibale chabe amene akuti akungothandiza.

Ife a ku Mzuzu sitisowa kuuphunzira kutali. Mumafika pa depoti m'mawa, mumasankha minibasi ya ku Nkhata Bay imene ikuoneka kuti yatsala anthu awiri kuti idzaze, mwakhala, mwalipira, kenaka anyamata atatu amatsika mmodzimmodzi pamene apaulendo enieni akubwera. Sanali paulendo. Ntchito yawo inali yoti inu muone ngati malo akutha.

Ochita zimenezi amakhala ndi njira zingapo, ndipo zonse cholinga chake n'kupeza pamene inu mwalekezera. Ena amangokanda pang'onopang'ono, akuyang'anitsitsa mmene kompyuta ikuyankhira. Akaona kuti ulendo uno mtengo sunakwere ndi 10 yathunthu, amadziwa kuti agunda malire anu, basi amasiya, inu n'kupambana pa ndalama yanu yonse mukusangalala. Ena amaponya bidi yaikulu kwambiri mwadala, malire anu amaonekera, kenaka amaibweza ponena kuti analakwitsa polemba manambala, ndipo akaunti ina imabwera kudzaima pansi panu pang'ono. Njira yachitatu ndiyo mwakumana nayo inuyo: kukupitirirani ndithu, kenaka wopambanayo "akakana kulipira", wogulitsa amakutumizirani Second Chance Offer, uthenga wopatsa wogonja mwayi wachiwiri wogula katunduyo. Ndipo Second Chance Offer simabwerera pa mtengo umene unalipo munthu wosalipirayo asanabwere. Imabwera pa bidi yanu yapamwamba. Werengani nokha: popanda munthu wa usiku uja gitala inali yanu pa 310. Iye wabwera, sanalipire ngakhale tambala, wachoka, koma inu mukupemphedwa 550. Mapaundi 240 amenewo awonjezeka chifukwa cha munthu amene sanagule chilichonse.

Chimene chikundikayikitsa kwambiri pa nkhani yanu si feedback 3 ija, nambala yosonyeza kuti munthuyo wachitapo malonda ochepa pa eBay. Ndi changu cha uthengawo. Wopambana pa eBay amakhala ndi masiku anayi oti alipire wogulitsa asanathetse malondawo chifukwa chosalipira. Wogulitsa amene wapeza 560 pa katundu amene anaima pa 310 sataya mtima m'maola ochepa. Amadikira, amakumbutsa, amadikiranso. Kutulukira m'mawa wake atadziwa kale kuti ndalama sizibwera, zikusonyeza kuti mwina ankadziwa kuyambira usiku.

Komabe tisaweruze munthu aliyense wowonjezera 10, 10, 10 kuti ndi wakuba. Anthu ongoyamba kumene kugula pa okushoni amabida chomwecho, chifukwa samvetsa kuti akulimbana ndi kompyuta. Amaona kuti akangoika mtengo, nthawi yomweyo wina wawapitirira, mtima umatentha, amawonjezeranso, ndipo m'mawa akaona ndalama imene alonjeza amapempha kuti malondawo athetsedwe. Zimenezi zimachitika tsiku ndi tsiku. Umboni weniweni, monga woti maakaunti awiri akulowa kuchokera pa foni imodzi kapena adiresi imodzi, uli m'manja mwa eBay yokha. Inu muli ndi zizindikiro chabe. Koma simuli woweruza m'khoti; ndinu wogula, ndipo wogula safunika umboni kuti akane kugula.

Zizindikirozo mungaziwone potsegula mbiri ya mabidi a okushoniyo. Mayina amabisidwa, mumangoona zilembo ziwiri ndi tinyenyezi, koma nambala ya feedback ya munthu aliyense imaoneka, nthawi ya bidi iliyonse imaoneka, ndipo mabidi obwezedwa amalembedwa. Tsono pitani pa katundu wina amene wogulitsa yemweyo wagulitsa pa okushoni posachedwapa. Mukapeza kuti munthu wa feedback 3 yemweyo amatulukira paliponse, lero pa gitala, mawa pa njinga, mkuja pa nsapato, nthawi zonse akukweza mtengo koma osapambana, palibenso chofunsa. Wokonda magitala amabida pa magitala a anthu osiyanasiyana. Wobida katundu wosagwirizana wa munthu mmodzi yekha ali pa ntchito ina. Onaninso ngati gitala yomweyo, ya mikwingwirima yomweyo pa penti, inagulitsidwapo kale n'kubwereranso. Gitala ya zaka 40 ilipo imodzi. Wogulitsa sanganene kuti anali nazo ziwiri zofanana. Ndipo okushoni imene mbiri ya obida yaphimbidwa yonse, yolembedwa kuti private listing, ine pa gitala sindiyiyandikira, chifukwa palibe chamanyazi pogula gitala choti munthu abisirepo dzina.

Mchitidwewu si wachilendo. Mu 2000, eBay ili ndi zaka zisanu zokha, loya wina wa ku California, Kenneth Walton, anaikapo chithunzi chojambula pamanja chimene anachilemba zilembo zachinyengo kuti chioneke ngati cha katswiri Richard Diebenkorn. Iye ndi anzake awiri anali ndi maakaunti ambiri obidira katundu wawo yemwe, ndipo mtengo unafika madola 135,805. Nkhaniyo inafika kwa FBI, anaimbidwa milandu mu 2001, ndipo Walton anavomera. Ku England komwe kuli wogulitsa wanuyo, mu 2010 khoti linalipiritsa munthu chindapusa pa mlandu wokweza mitengo ya katundu wake pogwiritsa ntchito akaunti yachiwiri. Choncho kukanena kwa eBay si kutaya nthawi, ngakhale sadzakuuzani zimene apeza. Nenani, chifukwa wotsatira wanu akhoza kukhala wina amene wasunga ndalama movutika ngati inu.

Chinthu china musanadine paliponse: tsimikizani kuti uthengawo ndi weniweni. Chifukwa chimodzi chimene eBay inayambira kubisa mayina a obida chinali chakuti akuba ankalembera anthu ogonja pa okushoni, akudzitcha wogulitsa, n'kuwapatsa "mwayi wachiwiri" pa katundu amene iwo alibe. Second Chance Offer yeniyeni imaoneka mukalowa mu akaunti yanu ya eBay, m'mauthenga a momwemo. Ngati yabwera pa imelo pokha, kapena akuti mulipire kudzera ku banki, Western Union, kapena PayPal ya Friends and Family, dziwani kuti ndalama yotumizidwa choncho ilibe chitetezo chilichonse.

Tsono njira yodzitetezera ndi iti? Ndi yosavuta kunena koma imafuna kudziletsa. Musaike malire anu molawirira. Bidi yoikidwa tsiku lachiwiri la okushoni ya masiku 7 imapatsa munthu wachinyengo masiku asanu oti aifufuze. Pa magitala, okushoni ya eBay imatha pa nthawi yoikika, ndiye ogula odziwa amadikira mpaka masekondi omaliza, n'kuponya kamodzi kokha ndalama yonse imene anakonzeka kulipira. Ndi zololedwa. Wachinyengo sapeza mpata wokukandani, ndipo inunso simupeza mpata wotentha mtima n'kuwonjezera zimene simunakonze. Lembani nambala yosazungulira, monga 327 m'malo mwa 320, kuti mupitirire amene analemba yozungulira. Vuto lathu kuno ndi netiweki ndi magetsi, zimene zingakusiyeni pa sekondi yofunikayo. Koma inu muli ndi mlongo ku Manchester; muuzeni nambala, aponye iyeyo. Palinso mautumiki ngati Gixen amene amaponya bidi m'malo mwanu pa masekondi omaliza. Nthawi yake si yovuta: okushoni yotha 8 koloko usiku ku England kuno imakhala 9 kapena 10 koloko, kutengera nyengo. Yotha 8 koloko usiku kum'mawa kwa America kuno imakhala 2 kapena 3 koloko mbandakucha. Mukamayang'ananso Yahoo Auctions ya ku Japan, kumene magitala amtundu wanuwu amapezeka ambiri, dziwani kuti kumeneko wogulitsa angathe kuika zoti nthawi iziwonjezeka wina akabida kumapeto, ndiye njira iyi sigwira chimodzimodzi.

Koma nambala imene muponyeyo muitenga kuti? Apa m'pamene funso lanu lachiwiri likulowera, la kukwera kwa mitengo.

Pali magitala akale amene mtengo wake uli ndi chifukwa chomveka. Gibson Les Paul Standard ya pakati pa 1958 ndi 1960 inapangidwa pafupifupi 1,700 yokha, kenaka kampani inasiya chifukwa sinkayenda malonda. Oimba otchuka a ku Britain ndi ku America atayamba kuigwiritsa ntchito m'ma 1960, aliyense anaifuna, koma chiwerengero chake sichingawonjezeke. Gitala imene yatsopano inkagulidwa madola osakwana 300 lero imagulidwa madola masauzande mazanamazana. Chimodzimodzi Fender: Leo Fender anagulitsa kampani yake kwa CBS mu 1965 pa madola 13 miliyoni, ndipo oimba anayamba kunena kuti zopangidwa malondawo asanachitike n'zabwino kuposa zobwera pambuyo. Pamwamba pa amenewa pali magitala a anthu otchuka. Fender Stratocaster yakuda ya woimba David Gilmour inagulitsidwa ku Christie's mu 2019 pa madola 3,975,000, ndipo Martin ya Kurt Cobain inapitirira madola 6 miliyoni mu 2020. Taonani bwino ya Gilmour ija: inali yopangidwa m'nthawi ya CBS, ndipo khosi ndi zamagetsi zake zinasinthidwa kangapo. Ikanakhala ya munthu wamba, ogula akanaitsitsa mtengo chifukwa cha kusinthidwako. Wogulayo sanalipire matabwa ndi mawaya. Analipira dzina la amene anaiimba.

Vuto limabwera pamene nkhani zimenezi zatsikira pansi. Munthu akawerenga za mamiliyoni amenewo amakatulutsa gitala iliyonse imene yakhala zaka pamwamba pa wadirobu n'kuilemba kuti vintage, kutanthauza yakale yamtengo wapatali. Fender za m'ma 1970, zimene oimba a nthawi imeneyo ankadandaula nazo kuti n'zolemera ndiponso zosamalizidwa bwino, zinakwera chifukwa choti za m'ma 1950 sizifikirikanso. Za m'ma 1970 zitakwera, anthu anatembenukira ku za ku Japan: Tokai, Greco, Ibanez, Yamaha. Zambiri mwa zimenezi n'zabwinodi, ndipo Roadstar II imene mwasankhayo ndi gitala yogwira ntchito, yolimba, yoyenera munthu woimba Lamlungu lililonse. Koma ogulitsa anapezanso mawu okometsera malonda, makamaka akuti lawsuit, kutanthauza mlandu wa kukhoti, ngati kuti gitala iliyonse ya ku Japan inali yabwino kwambiri mpaka Gibson inachita mantha. Zoona zake n'zakuti mlandu umene amanenawo unali wa mu 1977, pakati pa Norlin, eni ake a Gibson panthawiyo, ndi Elger, kampani yogulitsa Ibanez ku America. Unali wokhudza maonekedwe a mutu wa gitala, ndipo unatha pokambirana kunja kwa khoti. Gitala ya 1984 ilibe nawo mbali. Onjezerani nthawi ya Covid-19, pamene anthu otsekeredwa m'nyumba anagula magitala ochuluka mitengo n'kulumpha, ndipo ogulitsa ambiri mpaka lero akuitanirabe mitengo ya nthawi imeneyo.

N'chifukwa chake mtengo woitanira suuza munthu chilichonse. Wina aika gitala pa 900, wachiwiri aona n'kuika yake pa 950, wachitatu pa 1,000, ndipo zonse zitatu zimakhala miyezi osagulidwa, koma inu mukafufuza mumaona ngati ndiwo mtengo wake. Pa eBay sankhani kuti muone zogulitsidwa kale zokha, pa Sold items. Pa Reverb, msika wa zida zoimbira umene unayamba ku Chicago mu 2013, pali Price Guide yosonyeza mitengo imene anthu analipiradi. Sonkhanitsani malonda angapo a gitala yamtundu womwewo ndi msinkhu womwewo, tayani wapamwamba kwambiri ndi wapansi kwambiri, yang'anani pamene ambiri adzadzana. Wapamwambayo mutaye ndithu, chifukwa apa m'pamene shill bidding imawonongera ngakhale anthu amene sanabide nawo. Okushoni yanu ija ikhoza kumaonekabe ngati gitala yogulidwa pa 560, pamene palibe analipira. Mawa wogulitsa wina woona mtima adzaiwona n'kunena kuti yakenso ndi ya 560. Bodza limodzi limakweza msika wonse pang'ono. Kumbukiraninso kuti pamene wogulitsa anavomera Best Offer, ndiko kuti mtengo wotsikirapo umene wogula ananenerera, mtengo umene umaoneka ndi woitanira uja wokhwatchidwa, osati umene analandira.

Mtengo wokwera si njira yokhayo yotayira ndalama. Mu Novembala 2024 akuluakulu oona za katundu wolowa m'dziko la America anaonetsa magitala abodza a Gibson opitirira 3,000 amene anagwidwa pa doko la Los Angeles ndi Long Beach, amene akanakhala enieni akanakwana madola oposa 18 miliyoni. Amenewo ndi ogwidwa okha. Pa Gibson yeniyeni kachivindikiro ka pamutu, kophimba chitsulo chowongolera khosi, kamamangidwa ndi masikuluwu awiri. Zabodza zambiri zimakhala ndi atatu. Pa magitala a khosi lomangidwa ndi masikuluwu, monga Fender ndi Ibanez yanuyi, chinyengo chofala n'chophatikiza: khosi la chaka china, thupi la gitala ina, mapikapu (tizida totola kulira kwa mawaya) atsopano otchipa, kenaka zonse n'kuzitchula chaka cha chiwalo chakale kwambiri. Nambala ya Ibanez ya nthawi imeneyo imayamba ndi chilembo cha mwezi, A kuimira Januwale mpaka L kuimira Disembala, kenaka manambala awiri a chaka, ndiye ya 1984 izikhala ndi 84 pambuyo pa chilembocho. Koma nambalayo ili pa kachitsulo kongomasula. Pemphani zithunzi za kumbuyo kwa mapikapu, za mkati mwa zamagetsi, za mafureti (tizitsulo topingasa pa khosi) pafupi, ndipo funsani mwachindunji ngati chitsulo cha m'khosi chimatembenuka mbali zonse ziwiri. Gitala yopentedwanso imatsika mtengo kwambiri, nthawi zambiri ndi theka. Wogulitsa woona mtima sakwiya ndi mafunso amenewa.

Ndiyeno pali ulendo wochokera ku Manchester kufika ku Chibavi, umene uyenera kulowa m'masamu musanabide, osati pambuyo. Gitala ndi bokosi lake lolimba, zitakulungidwa bwino, zimayandikira makilogalamu 10. Ubwino wa Roadstar ndi woti khosi limachoka: kumasula mawaya, kuchotsa masikuluwu anayi, ndipo thupi ndi khosi zimalowa m'sutikesi ya munthu wobwera kumudzi pa Khirisimasi, zitakulungidwa m'zovala. Ikabwera ngati katundu wotumizidwa, a MRA amawerengera msonkho pa mtengo wogulira kuphatikiza ndalama zotumizira, ndiye mapaundi 240 owonjezera aja mukanawalipiriranso msonkho. Ndipo tonse tikudziwa mmene kwacha ilili. Mu Novembala 2023 mokha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Paundi iliyonse yotayika kumeneko ndi thukuta lambiri kuno. Chofunika china: chitetezo cha eBay chobweza ndalama chimakhala cha masiku 30 katundu atafika pa adiresi imene munalemba, ndipo sichitsata katundu amene mwamutumizanso kwina. Mlongo wanuyo aitsegule tsiku lomwelo, aijambule, ngati n'kotheka apite nayo ku shopu ya magitala akaiyese pa ampu. Ikafika ku Mzuzu muli ndi dandaulo, nthawi yatha. Kwa amene akulakalaka Martin, Gibson kapena Fender za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960, dziwaninso kuti zambiri zili ndi matabwa a mtengo wotchedwa Brazilian rosewood, umene pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera la CITES linauika m'gulu lotetezedwa kwambiri mu 1992. Kuudutsitsa malire popanda zikalata kungachititse kuti gitala ilandidwe. Mitundu ina ya rosewood pa zida zoimbira inamasulidwa kumapeto kwa 2019, ndiye Ibanez yanu ilibe vuto limeneli.

Za gitala ya amalume, ndikupempheni kuti muwauze anzanuwo adekhe. Magitala ambiri amene makolo athu ankabwera nawo kuchokera kumigodi anali otchipa, opangidwira anthu apantchito. Odziwika kwambiri ndi a Gallotone, a kampani ya Gallo ya ku Johannesburg. Suzumirani pa bowo la gitalayo muone ngati pepala la dzina likadalimo. Nkhani ya mamiliyoni ili ndi pochokera: gitala yoyamba ya John Lennon inali Gallotone Champion yopangidwa ku South Africa, ndipo inagulitsidwa ku Sotheby's mu 1999 pa mapaundi opitirira 100,000. Kuyambira pamenepo aliyense wokhala ndi Gallotone amatchula nkhaniyi poitanira mtengo. Koma monga ya Gilmour ija, ndalamazo zinali za mwini wake. Gallotone wamba imafunidwa ndi osonkhanitsa zinthu zakale, ndipo ingapeze kandalama ndithu ngati ili bwino, koma si ya mamiliyoni a madola, ndipo kuitumiza kunja kungadye gawo lalikulu la zimene mwapezazo.

Ine ndikanakonda isagulitsidwe. Magitala amenewa ndiwo analowetsa kaimbidwe ka kumigodi ndi ka m'matauni a kummwera m'midzi yathu, ndipo atsala ochepa. Ambiri anadyedwa ndi chiswe kapena anasweka m'manja mwa ana. Musaipale, musaipake vanishi, musaiike mawaya atsopano olimba, chifukwa khosi lake silingapirire. Masulani mawaya amene alipowo pang'ono, muichotse pa khoma limene limanyowa nthawi ya dzinja, paja chinyezi cha kuno ku Mzuzu chimamasula guluu wakale. Kenaka khalani pansi ndi amalume, foni ikujambula, akuuzeni kuti agogo anapita chaka chanji, mgodi uti, anabwerera bwanji, ankaimba zotani. Mukadzaganiza zogulitsa, mbiri imeneyi ndi zithunzi zakale n'zimene zidzaipatse mtengo. Ndipo mukaiika pa intaneti chenjerani ndi "wogula" wakunja amene amavomera mtengo osanenerera, n'kutumiza uthenga wabodza woti walipira mopitirira, mum'bwezere zotsalazo.

Zonse ndanenazi zikukhudzanso maokushoni a m'magulu a WhatsApp ndi Facebook amene afala kuno kwathu, mmene mumadutsa zovala za kaunjika, mafoni, nthawi zina kiyibodi kapena gitala. Kumeneko zinthu n'zosavuta kwambiri kwa wachinyengo, chifukwa palibe kompyuta yosunga mbiri, uthenga umafufutika, ndipo nambala yachiwiri ya foni aliyense angakhale nayo. Chida choimbira chimene chili m'Malawi muno musachilipire pa Airtel Money kapena Mpamba musanachigwire m'manja. Kumanani m'tauni masana, lumikizani ku ampu, yesani fureti iliyonse kuyambira pansi mpaka pamwamba, tembenuzani mabatani onse mumve ngati akukhwekhwereza.

Wogulitsa wa ku England uja muyankheni mwaulemu kudzera mu eBay momwemo, osamuneneza chilichonse. Muuzeni kuti pa 550 simungathe, kuti munthu wosalipirayo asanabwere mtengo unali pa 310, ndipo ngati angaiikenso pa Buy It Now, malonda opanda kupikisana, pa mtengo woyandikira zimene magitala amtunduwu akugulidwadi, akudziwitseni. Pamene mukudikira, fufuzani mitengo ya zogulitsidwa kale, mulembe nambala yanu papepala mutachotseratu zotumizira ndi msonkho. Akaibwezera pa okushoni, musabide mpaka masekondi omaliza, ndipo muyang'ane ngati wa feedback 3 uja watulukiranso. Akatulukira, mutsekeni wogulitsayo m'maganizo mwanu, mukanene kwa eBay, ndipo mundilembere kuti tidzaone limodzi Roadstar ina, chifukwa Ibanez inapanga zambiri ndipo zimatuluka pamsika kawirikawiri.